Kuboola khoma la pakhonde la nyumba yosanja: bawuti igwire pati?

Lachiwiri madzulo

Mayi a Tadala: Madzulo abwino nonse. Amisiri amene muli pagulu pano mundithandize. Ndikuchita lendi m'nyumba yosanja kufupi ndi Kamuzu Road kuno ku Salima, ndili pamwamba. Ndagula sola ya mawati 200 kuti magetsi akazima ana aziwerengabe. Padenga eni nyumba akaniza, akuti malata angayambe kudontha, koma pakhoma la pakhonde avomera. Mabulaketi awiri ndinawotcheretsa kale. Lero mlongo wanga anabwera ndi drill yobwereka. Bowo loyamba, pamwamba pa chitseko, biti yangolowa pang'ono kenako n'kupyola, m'kati mulibe kanthu. Wakwera m'mwamba pang'ono, kumeneko ndiye yakaniratu, biti yatentha mpaka kuda. Tangosiya. Khoma limodzi lomwelo likhala bwanji lofewa apa, lolimba apo?

A Phiri Bilidala: Mayi, musanaboolenso tandiuzani za fumbi limene linatuluka. Linali lofiira kapena lotuwa?

Mayi a Tadala: Lotuwa konse kuwiri, bambo. Poyamba limatuluka ngati mchenga, kenako lotuwa kwambiri.

A Phiri Bilidala: Ndiye nyumbayo ndi ya mabuloko asimenti, si ya njerwa zowotcha. Njerwa ikanatulutsa fumbi lofiira. Mchenga munauonawo ndi pulasitala, amene amakhala sentimita imodzi ndi theka kapena ziwiri, ndipo sagwira kanthu. Kuseri kwake kuli khungu la buloko, pafupifupi masentimita 3, kenako mphako. Pamene inapyolapo ndi pamenepo. M'mwambamo mwapeza ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo amene amamanga nyumba yonse pansi pa denga. Musadandaule, mwapeza malo abwino kuposa onse pakhomapo. Chakukanikani ndi chida basi.

Nyumba zambiri zatsopano m'tauni muno zili choncho. Kuyambira 2018, pamene a NCIC, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, analetsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi nyumba za malonda, makontilakitala ambiri anasamukira ku mabuloko. Koma anthu tikuboolabe ngati tikuboola njerwa.

Mphatso: Anti, bwanji osangokhoma misomali ya konkire? Ife kwathu shelefu ya TV tinakhoma choncho, chaka chachitatu chino.

Che Yusufu Wamagetsi: Ayi Mphatso. Shelefu ili m'nyumba, mphepo siyigwedeza. Ndipo ikagwa igwera pasimenti. Iyi ikagwa igwera munthu amene ali pansi.

Bambo a Fatuma: Makolo athu ankasema kamtengo, n'kukakhomera m'bowo, kenako screw. Zitseko za nyumba zakale za ku boma zinagwira choncho zaka zambirimbiri. Ine sindikuona vuto.

Anachisale: Bambo a Fatuma, ine zimenezo zinandionetsa zakuda. Ndinaitana mmisiri wina kuti andiikire zitsulo za chingwe choyanikira zovala kuseri kwa nyumba. Anasema timitengo monga mukuneneramo. Dzinja lonse zinagwira bwino chifukwa mtengo unafufuma ndi chinyezi. Kutentha kwa Okutobala kutafika mtengo unauma n'kuchepa. Tsiku lina ndayanika mabulangete awiri onyowa, chitsulo chinazuka ndi kamtengo kake komwe, n'kudutsa pafupi ndi mutu wa mdzukulu wanga amene ankasewera pamenepo. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umagunda. Panja, ndi dzuwa la kuno ku Salima, mtengo m'khoma ayi.

Bambo a Fatuma: Pepani amayi, zinali zoopsa ndithu. Pamenepo ndavomera, za panja n'zina.

Aphunzitsi a Banda: Ndiloleni ndiikepo mawu pa za kulemera, chifukwa ndikuona kuti tikhoza kusokonezeka. Sola ya mawati 200 imalemera makilogalamu 12 kapena kupitirira pang'ono. Zimenezo bawuti iliyonse inyamula. Chimene chimazula mabulaketi ndi mphepo. Sola imeneyo kukula kwake ndi pafupifupi sikweya mita imodzi, ili ngati thanga la bwato. Mphepo yothamanga makilomita 70 pa ola ikaiwomba maso ndi maso imakankha ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu oposa 20. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Ndipo sikuti imakankha n'kusiya, imagwedeza usiku wonse, uku ndi uku. Bawuti imene yagwira mwamwayi imasukusika pang'onopang'ono mpaka bowo kukula.

Chinanso, bulaketi ili ngati mkono wotambasula. Sola ikamalemera, bawuti ya m'mwamba imakokedwa kuti ituluke m'khoma, ya m'munsi imangokanikizidwa. Mphepo ikalowa pansi n'kuitukula, zimatembenuka, ya m'munsi ndi imene imakokedwa. Choncho musanene kuti m'mwamba tagwira konkire, m'munsi tingoika chilichonse.

Mayi a Tadala: Aphunzitsi, khonde langa layang'ana kumpoto. Mwera suchokera kummwera chakum'mawa? Ndimaganiza kuti nyumba yomweyi inditchinga.

Bambo a Fatuma: Pa mwera itchinga ndithu, ngakhale umazungulira pakona. Koma ife a ku Senga Bay timadziwa kuti mphepo si mwera wokha. Nyengo ya mvula kumabwera mpoto, ndipo umenewo ukupezani pakhonde pomwepo. Nanga mkuntho wa mvula zoyamba uja umasasula madenga a masukulu? Umenewo susankha kochokera.

Aphunzitsi a Banda: Kumpoto n'kwabwino pa dzuwa, chifukwa ife tili kummwera kwa equator, miyezi yambiri dzuwa limadutsa chakumpoto. Ipendekeke pang'ono, madigiri 15 akwana, kuti mvula izitsuka fumbi. Dziwani chabe kuti Disembala ndi Januwale dzuwa limakhala chakummwera pang'ono, mthunzi wa denga uzidzagwera pa sola masana. Ikatalikirako ndi khoma bola.

Bambo a Madalitso Owotcherera: Mayi a Tadala, mabulaketi anu mwendo wogona kukhoma ndi wautali bwanji? Ndipo ndi angle iron yanji, chitsulo chopindika ngati L chija?

Mayi a Tadala: Ndayeza ndi rula ya mwana, masentimita 25. Chitsulocho sindidziwa dzina lake, koma ndikachikankha ndi dzanja chimawerama pang'ono.

Bambo a Madalitso Owotcherera: Chikawerama ndi dzanja ndiye n'chopyapyala. Pezani angle iron ya 40 kwa 40, yokhuthala mamilimita 3 kapena 4, ndipo pakhale chogwiriziza chopingasa kuti ikhale ya makona atatu. Mwendowo utalike. Mabawuti akatalikirana, ya m'mwamba siyikokedwa kwambiri. A Phiri, pamwamba pa chitseko sipakhala lintala, bimu ya konkire yonyamula khoma la pamenepo? Bwanji tipange mwendo wofika konse kuwiri, m'mwamba ring beam, m'munsi lintala, mabuloko apakatiwo tingowadumpha?

A Phiri Bilidala: Mwaganiza ngati mmisiri, achimwene. Nyumba zina ring beam yomweyo ndiyo lintala, koma apa zikuoneka kuti zilipo zonse ziwiri, poti mayi anapeza buloko pakati. Mayi, mawa mutenge sipanala muzigogoda khoma kuyambira pa felemu ya chitseko kukwera. Konkire imalira mogonthera, buloko imalira ngati ng'oma. Muzilemba ndi pensulo pamene kulira kwasintha. Lintala imapitirira chitseko masentimita 15 kapena 20 mbali zonse, choncho mabulaketi asatalikirane kuposa kukula kwa chitseko.

Che Yusufu Wamagetsi: Imani kaye nonse. Mayi, pakhondepo pali getsi?

Mayi a Tadala: Lilipo, pamwamba pa chitseko chakumanja. Switchi yake ili m'kati pafupi ndi chitseko.

Che Yusufu Wamagetsi: Ndiye m'khomamo muli paipi ya mawaya. Ife timayendetsa paipi molunjika, kuchoka pa switchi kukwera m'mwamba, kapena mopingasa kupita ku getsi. Jambulani m'maganizo mzere woongoka kuchoka pa switchi kukwera, wina kuchoka pa getsi kukwera ndi kupita m'mbali, ndipo mutalikirane nayo masentimita 15. Komanso si amisiri onse amene amatsata mzere, ena amadutsa mopendekera kuti paipi ichepe. Nchifukwa chake poboola muzimitse main switch ya nyumba yanu, drill itenge moto kwa aneba ndi extension. Magetsi athu ndi mavoti 230. Munthu ali pamakwerero, pansanja, akangogwedezedwa pang'ono, chimene chimamupha ndi kugwako.

Ngati mukuboola n'kuona tizidutswa ta pulasitiki toyera kapena takuda tikutuluka ndi fumbi, siyani pomwepo.

Mayi a Tadala: Mulungu wanga, lero tinaboola magetsi ali oyaka. Zikomo Che Yusufu.

Anachisale: Ine ndiyankhule ngati mwini nyumba za lendi. Chilolezo mwapatsidwacho chikhale cholembedwa, ngakhale pa WhatsApp pomwepa. Muwauze mabowo angati, pati, ndipo mukamadzasamuka adzatseka ndani. Komanso bowo lolakwika lija mulitseke ndi simenti sabata ino. Madzi akalowa m'mphako ya buloko amatsika mpaka pansi, penti ya m'kati imayamba kutukusira, ndiye mkangano umayambira pamenepo.

Mphatso: Nanga osangoimika sola pansi pa khonde, n'kuboola simenti ya pansi? Kapena pa kakhoma kotchinga kaja? Sikosavuta kuposa kukwera makwerero?

A Phiri Bilidala: Mwana wanga, pamenepo ndiye poletsedwa. Khonde la pansanja lotulukira panja popanda nsanamira limagwira ndi zitsulo zimene zili chakumtunda kwa silabu, pafupi ndi pamene timaponda. Ukaboola pansi ukhoza kudula chitsulo chimene chanyamula khonde lonse. Ngakhale usachidule, watsegula njira ya madzi. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa, konkire imang'ambika, zibenthu zimayamba kugwera anthu a pansi. Kakhoma kotchingako nakonso nthawi zambiri ndi kopyapyala ndipo pamwamba pake palibe chokagwira. Ukakamangirira thanga la sikweya mita, mphepo ikhoza kukankha kakhoma konseko.

Lachitatu

Mayi a Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Ndagogoda monga munanenera a Phiri. Lintala ikuyambira pa felemu kukwera masentimita pafupifupi 20. Kenako ng'oma ija masentimita 40. Kenako konkire inanso. Ndiye ndigule chiyani ku hardware?

A Phiri Bilidala: Mizere iwiri ya mabuloko imeneyo. Bambo a Madalitso, mwendo ukhale masentimita 70, mabowo atalikirane 60, kuti bawuti iliyonse igwere pakati pa konkire yake. Pakati ndi pofunika pa zifukwa ziwiri. Zitsulo zikuluzikulu za bimu zimakhala m'makona, ndipo bawuti yotambasuka ikakhala m'mphepete imabenthula konkire. Siyani masentimita 10 kuchoka m'mphepete.

Mugule ma Rawlbolt anayi a M10, mabawuti okhala ndi chigoba chimene chimatambasuka m'bowo mukamamanga. Chenjerani apa, ambiri amalakwa: M10 ndi kukula kwa bawuti, koma chigoba chake chimafuna bowo la mamilimita 16. Ya M8 imafuna 14. Zimalembedwa pachigobapo, muwerenge musanagule biti. Asankheni aatali, chifukwa masentimita awiri oyamba ndi pulasitala, ndipo chigoba chonse chiyenera kumira m'konkire yeniyeni. Bowo lilowe masentimita 7 m'konkire, kuwonjezera pulasitala akhala 9. Mukulunge tepi pa biti pamene pali 9 kuti mudziwe poima.

Che Yusufu Wamagetsi: Ndipo drill ija ya dzulo ibwezeni. Biti inada chifukwa mwina inali ya chitsulo kapena ya matabwa. Ya konkire imakhala ndi kamutu kotambalala kunsonga ngati khasu. Komabe bowo la 16 m'ring beam ndi drill wamba mutopa nalo. Ikufunika ya SDS, imene imamenya ngati hamala uku ikuzungulira. Ndili nayo, Loweruka ndikhoza kubwera. Simuyenera kuikankha ndi mphamvu, imadya yokha.

Bambo a Fatuma: Funso langa, poti ine nyumba yanga ndi ya njerwa zowotcha ndipo ndikufuna kuika dish. Ma Rawlbolt omwewo?

A Phiri Bilidala: Zitengera njerwa zake. Njerwa zathu zoumba pamanja sizipsa mofanana. Ya pafupi ndi moto mu uvuni imalimba mpaka kuda, ya m'mphepete umatha kuikanda ndi chikhadabo. Rawlbolt ikamamangidwa imatambasuka ndi mphamvu, njerwa yosapsa imangosweka m'kati, inu n'kumaona ngati nati ikuzungulirabe. Pa njerwa ndimakonda mapulagi aatali a nayiloni a mamilimita 10 ndi screw zake zamutu wa sipanala, zolowa masentimita 8 kapena 10. Muboole pakati pa njerwa, osati pamzere wa matope, makamaka ngati anamangira dothi. Muyambe popanda hamala. Ikalowa yokha, pitirizani choncho, bowo limatuluka loyera bwino. Hamala pa njerwa yofewa imakulitsa bowo, pulagi n'kumasambira.

Khoma likakhala lofooka kwenikweni, njira yosakayikitsa ndi kuboola mpaka kutulukira m'kati, kulowetsa chitsulo cha mazinga cha mamilimita 10, kuseri n'kuika kachitsulo kafulati ndi nati. Pamenepo kuti izuke ndiye kuti khoma lagwa. Poti nyumba ndi yanu palibe okuletsani.

Aphunzitsi a Banda: A Phiri, nanga guluu uja wa m'botolo lofinya amene amamata zitsulo m'konkire?

A Phiri Bilidala: Chemical anchor. Ndi wabwino kwambiri, chifukwa satambasula kanthu, ndiye saswa njerwa ndipo amalola kuyandikira m'mphepete. Pa buloko la mphako amafuna kasefa kake ka pulasitiki, apo ayi amangothera m'mphakomo. Kuno sapezeka nthawi zonse, ambiri timaitanitsa ku Lilongwe. Mukapeza onani tsiku lothera ntchito. Woyamba kutuluka mutaye mpaka mtundu ufanane. Ndipo ndi kutentha kwa kunyanja kuno amauma msanga, mphindi zochepa chabe, choncho zonse zikhale pafupi musanafinye. Mayi a Tadala sakumufuna, konkire ali nayo.

Bambo a Madalitso Owotcherera: Mabulaketi ndiwapanga mawa. Mabowo a m'munsi ndiwapanga otalikirako ngati kamzere, kuti mukaphonya pang'ono musavutike. Ndipaka red oxide, woteteza ku dzimbiri uja, kawiri kenako penti. Nyanja yathu ilibe mchere koma chinyezi cha dzinja chimadya chitsulo chosapaka.

Loweruka madzulo

Mayi a Tadala: Abale, ntchito yatheka. Ndikufotokozereni mmene zinayendera, mwina wina zimuthandiza.

Che Yusufu anafika m'ma 8 koloko. Tinayamba tapempha aneba a pansi kuti ana asasewere kunsi kwa khonde, ndipo anatipatsa moto wa extension. Makwerero tinawamanga ndi chingwe ku mabagala a zenera, mlongo wanga atawagwiranso. Ndinazindikira kuti munthu akakwera masitepe atatu okha, kakhoma kotchinga kaja kamakhala kali m'munsi mwa mawondo ake. Ndinachita mantha ndithu.

Anaboola bowo limodzi la m'mwamba kaye, n'kupachika bulaketi, n'kuika levulo, kenako n'kulemba la m'munsi kudzera pa bowo la bulaketiyo. Sanalembe onse anayi nthawi imodzi. Pansi pa bowo anamata envelopu yakale ndi tepi, fumbi lonse limagwera mmenemo. Anavala magalasi ndi chophimba kukamwa.

Mabowo atatu anayenda bwino, lililonse osakwana mphindi imodzi. Lachinayi, pa lintala chakumanja, itangolowa pang'ono kulira kunasintha, drill ikungonjenjemera osapita, fumbi lasiya kutuluka. Anaizula, tinaunika ndi tochi ya foni, m'katimo mukunyezimira.

Che Yusufu Wamagetsi: Inali ring, kachitsulo kakang'ono kamene kamakulunga zitsulo zikuluzikulu za bimu. Sindinafune kukadula. Ndinatseka bowolo ndi simenti. Kusuntha m'mwamba kapena m'munsi sikukanathandiza chifukwa ring imayenda choimirira, ndiye ndinafunika kupita m'mbali masentimita 5. Tinatumiza bulaketi kwa Bambo a Madalitso pa kabaza, anawotcherera kakhutu m'mbali n'kuboola, ola limodzi yabwerera.

A Phiri Bilidala: Mwachita bwino osadula. Fumbi m'mabowo munachotsa?

Mayi a Tadala: Tinachotsa, bambo. Mnyamata wa kabaza yemweyo anatibwereka pampu ya njinga. Tinapopa, kenako mswachi wakale, kenako kupopanso. Ndinadabwa kuchuluka kwa fumbi limene linatsalira m'bowo looneka loyera.

A Phiri Bilidala: Fumbi limenelo ndi limene limapangitsa bawuti kuterereka. Ambiri amapuzira ndi pakamwa n'kudzaza maso.

Che Yusufu Wamagetsi: Pomanga ndinagwiritsa sipanala ya 17 ndi dzanja, popanda kuwonjezera paipi. Ikalimba yalimba. Kuzungulira bawuti iliyonse ndinapaka silicone kuti madzi asatsate chitsulo kulowa m'khoma. Sola tinaimanga ku mabulaketi ndi mabawuti anayi okhala ndi spring washer. Ndawonjezeranso kawaya kachitsulo kuchoka pa felemu ya sola kupita ku bawuti ya m'mwamba, kuti china chitamasuka isafike pansi.

Anachisale: Nanga mabowo awiri a Lachiwiri aja?

Mayi a Tadala: Tatseka onse, amayi, ndipo eni nyumba ndawatumizira zithunzi. Ayankha kuti zili bwino.

Mphatso: Che Yusufu, waya wa sola ulowa bwanji m'nyumba? Pazenera?

Che Yusufu Wamagetsi: Lero wadutsa pazenera mongoyembekezera, koma zenera limatsina waya. Tiboola bowo limodzi pa buloko, kutali ndi mzere wa switchi. Pa buloko hamala timazimitsa, chifukwa imaphulitsa khungu la kuseri n'kugwetsa pulasitala wamkulu ngati mbale. Ndiyamba ndi biti yaing'ono yaitali, ikangotulukira ndimalizira mbali inayo ndi yaikulu. Bowo lipendekere panja, m'kati likhale lokwera, ndipo waya asanalowe atsike kaye pang'ono n'kukweranso kuti madzi a mvula azidonthera panja. M'bowomo tiikamo kapaipi.

Lolemba m'mawa

Bambo a Fatuma: Mayi a Tadala, usiku wathawu mwera unavuta kwambiri kuno, asodzi ambiri sanalowe m'madzi. Kwanuko zili bwanji?

Mayi a Tadala: Kunonso unawomba, bambo. Ndinadzuka kawiri kukamvetsera pachitseko, sindinamve kugogoda kulikonse. M'mawa uno mlongo wanga wakwera ndi sipanala. Atatu ali gwa, imodzi ya m'mwamba kumanzere yalola kuzungulira pang'ono chabe, kenako yalimba.

A Phiri Bilidala: Zimachitika, pulasitala amaphwanyika pang'ono pansi pa chitsulo masiku oyamba. Ayesenso pakatha sabata ziwiri, ndiponso mvula isanayambe mu Novembala. Mulembe kamzere ka penti pamutu pa bawuti mpaka pa bulaketi. Ikadzayamba kumasuka mudzaona mzerewo utasemphana muli chiimire pakhonde, osafunika makwerero. Ikadzapezeka kuti yomweyo ikulolabe ulendo wachitatu, mundiitane ndidzaione.

Bambo a Fatuma: A Phiri, ine ndakanda njerwa zanga ndi msomali. Za khoma la kum'mawa zikufumbutuka. Ndiye ndikagule chitsulo cha mazinga chija, chotalika bwanji?

A Phiri Bilidala: Yezani khoma pa zenera, pulasitala wa mbali zonse ali momwemo, muwonjezere masentimita 6 a manati ndi mawasha. Chimagulitsidwa cha mita imodzi. Ngati khoma ndi la njerwa ziwiri mudulamo zitatu, ndiye mugule ziwiri.